Alufalufa a Mkazi Wamasiye

"Dzira ili ndi la m'khola mwako, eti?"

Bambo a mapasa anafunsa asanalawe n'komwe. Anali atangoliswa ndi supuni, n'kumasuzumiramo ngati mwagwera kachilombo.

"Likanakhala la ndani?" anayankha make mapasa, uku akupukuta tebulo lomwe anali atapukuta kale.

"Ndaonera chikasu chake. Chambuu, ngati maso a munthu wongochira kumene malungo. Dzulo amayi anandigawirako la kwa alamu. Lija ndiye dzira, iwe! Chikasu ngati papaya wakupsa. Umachita kumva kuti wadya kanthu."

"Ndiye pitani muzikadya komweko. Ndi pafupi, simukwera basi."

"Ndangonena."

"Munangonena dzulo, munangonena dzana. Amayi anu nawonso amangonena. Ine nkhuku ndinayamba kuweta mlamu wanuyo asanadziwe n'komwe kuti pakhomo pano pali mnyamata woti n'kukwatiwa naye. Lero ndasanduka wophunzira?"

"Nkhuku zako zathothoka m'khosi, zikujomphana zokhazokha. Zake zikuwala ngati amazidzoza mafuta. Safunsa anadya phula. Ukamufunse mnzakoyo."

"Ine? Ndikafunse mwana uja?"

Bambo a mapasa anamaliza dziralo, n'kunyamula sowo ndi chikwama cha misomali, ulendo kokhoma mipando.

Make mapasa anatsala chiimire pazenera. Kuchokera pamenepo pankaoneka bwalo lonse. Kumbuyo kwa pulotiyo kunali nyumba yaing'ono imene anamanga mng'ono wa amuna ake asanamwalire chaka chatha, ndipo munkakhala mkazi wamasiyeyo ndi kamtsikana kake. M'mbali mwa mpanda munali makola awiri ogundana, olekanitsidwa ndi waya chabe. Madeya ankagula kuchigayo chimodzi, madzi ankatunga pampopi umodzi. Koma chilimwe chitafika, msipu utauma, nkhuku za make mapasa zinayamba kufooka ndi kuikira modumphiza, pamene za wamasiye zinkangotetera m'mawa wonse ngati zikuseka munthu. Iye ankaona kathumba ka ukonde kamene wamasiye ankapachika m'khola, kodzaza ndi udzu wouma, koma ankati ndi zoseweretsa za munthu wosowa chochita. Chimene chinkamupweteka koposa chinali chakuti mayi wophika makeke wa kumsewu, amene kale ankagula mazira kwa iye, tsopano ankadutsa pakhomo pake ndi moni wokha, n'kukagogoda kumbuyo.

Masana a tsikulo akuyanika zovala pachingwe, anamva wamasiye akulankhula pafoni ndi mkulu wake wa kumudzi kwawo. Chinsalu cha pabedi chinamubisa, ndipo anasiya dala kukamula malaya kuti madzi asachite phokoso.

"Ayi achemwali, musandidandaule, ndili bwino," ankatero wamasiye, akuseka. "Chibwerereni alufalufa pakhomo pano zinthu zasintha. Eya. Ndimakawatenga Loweruka, kumtunda uko. Ayi, panja ayi. M'chipinda momwe ndimagonamo, kuseri kwa chitseko. Alamu akawaona pakhonde angayambe kulankhula, mukuwadziwa. Komatu amanunkhira bwino, achemwali!"

Make mapasa anabwereza dzinalo mumtima. A Lufalufa! Dzina lachilendo, si la kuno. N'chifukwa chake! Nanga mkazi wopanda mwamuna nkhuku zake zinganenepe ndi chiyani? Pali wina amene akugula chakudya cha m'sitolo. Mtima wake, umene unali wolemera chiyambire chilimwe, unapepuka mwadzidzidzi moti anadzipeza akuimba.

Pa chakudya chamadzulo anadikira kuti mapasa atuluke ndi mbale.

"Mlamu wanu uja mumamutama, mwamudziwa amene akumunenepetsera nkhuku?"

"Wayambanso."

"Ali ndi mwamuna. Amagona m'nyumba ya mng'ono wanu, pabedi la mng'ono wanu. Amamubisa kuseri kwa chitseko kuti inu musamuone. Ndamva ndekha ndi makutu angawa. Dzina lake a Lufalufa."

Ankayembekeza kuti amuna ake amukalipira, kapena adzuka ndi mkwiyo n'kukagogoda kumbuyo. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anaika kapu pansi pang'onopang'ono, n'kuyang'ana kuzenera, kumene kunkaoneka denga la nyumba yaing'ono ija.

"Wamva bwino?"

"Ndine gonthi ine?"

"Galu wamkota sakandira pachabe," anatero bambo a mapasa. "Usamufunse kanthu. Nkhani iyi ndi ya akuluakulu."

Make mapasa sanamufunsedi kanthu. Anangouza mkazi wa telala pampopi, atamulumbiritsa kuti asauze munthu. Sabata isanathe a Lufalufa anali atamera ndevu. Ena anati amabwera pa njinga yamoto n'kuizimitsa patali. Ena anati ali ndi mkazi ndi ana m'tauni. Mkazi wa ogulitsa makala analumbira kuti anakumana nawo m'mawa kukucha, wamtali, wovala jekete lachikopa. Make mapasa akamva zimenezi ankangopukusa mutu n'kunena kuti, "Ine sindinanene zimenezo," koma sankatsutsa. Ndipo m'mawa wina mayi wa makeke anagogoda pakhomo pake, mbale ili m'manja.

"Mazira alipo, mayi? Kumbuyoko ndasiya. Makeke anga amadya ndi a kutchalitchi, sindifuna zoyankhulidwa."

Tsiku limenelo make mapasa anamuperekeza mpaka pageti, kuti aliyense aone.

Sabata yotsatira thadzi lake lina linapeza pobooka pa waya n'kulowa mbali ya wamasiye. Make mapasa anazengereza, koma nkhuku ndi nkhuku. Anazungulira kumbuyo n'kupeza wamasiye atakhala pakhomo, thabwa lili pamiyendo, akudula ndi sizasi yaikulu udzu wouma wobiriwira wa timasamba ting'onoting'ono. Wamasiyeyo anali ataonda, ndipo pambali pake panali mbale ziwiri zodzaza mazira osagulidwa.

"Akulu, fikani. Thadzi lanu ndaliona, lisiyeni lidye kaye, lapeza phwando. Khalani apa."

"Sindikhalitsa."

"Ndikuona ngati latsata alufalufa. Nkhuku zikangowalawa sizifunanso kumva."

Make mapasa anagwira chimango cha chitseko. "Latsata ndani?"

"Alufalufa. Awa." Wamasiye anakweza udzu uja m'manja. Kenako anakankha chitseko cha kuchipinda n'kuloza kuseri kwake. Panali mtolo waukulu wa makona anayi, womangidwa ndi zingwe, utakhazikidwa pa njerwa. Fungo lake linadzaza m'nyumba, lokoma ngati la munda umene angotchetcha kumene. "Ndi udzu wa ng'ombe za mkaka. Ndimagula kwa mlimi wa kumtunda uja, ndiye anandiuza dzina lake. Ndimabwera nawo pa wilibala nditafunditsa chiguduli. Panja sindingawasiye, akanyowa amachita nkhungu, ndiye nkhuku zikadya zimafa. Komanso alamu paja amati zinyalala zimaitana makoswe."

"Ndi udzu basi," anatero make mapasa, mawu ake akumveka ngati a munthu wina.

"Udzu basi. Koma muziudula ufupiufupi, mapesi aatali amatsekereza m'chithokomiro. Ndipo madeya musasiye, awa ndi ongowonjezera, ngati ndiwo. Zikamapalasa zimaiwala kujomphana, ndipo chikasu cha dzira chimabwerera. Ndakhala ndikufuna kukuuzani, koma ndimaopa kuti mungati mwana akuphunzitsa wamkulu." Anatenga thumba la pulasitiki n'kuyamba kulongedzamo wodula kale uja. "Tengani mukayese."

Make mapasa analandira thumbalo chifukwa manja ake sanadziwe chochita china.

"Akulu," wamasiye anatsitsa mawu, "inu mumayenda ndi anthu. Kodi ine ndalakwa chiyani? Ndikafika pampopi onse amakhala chete. Mayi wa makeke wandisiya osandiuza chifukwa. Dzulo mwana wanga wabwera kusukulu akulira, akuti anzake akumufunsa za bambo ake atsopano. Bambo ati? Palibe amene akundiuza kumaso."

Mawu anali pamlomo. Akanangoti, mnzanga, ndine, ndinamva molakwa. Koma maso ake anagwera pa nkhuku za wamasiye, zonenepa, za malipombo ofiira, ndi pa thadzi lake lothothoka likudya mwadyera pakati pawo ngati mwana wa kwa aneba.

"Ine za anthu sindimva," anatero. Anagwira thadzi lake n'kumapita, thumba atalibisa m'nsalu.

Udzuwo anapatsa nkhuku zake mobisa, wamasiye akapita kumsika. Posakhalitsa zinaleka kujomphana. Zimenezi sizinamusangalatse. Zinkamuwawa kuti ngakhale kuchira kwa nkhuku zake kwachokera m'manja mwa mwana uja.

Komabe sankaona tulo bwino, ndipo m'mawa wina amuna ake akumanga nsapato anayesa.

"Bambo, nkhani ija. Mwina sindinamve bwino. Mwina si munthu."

"Si munthu? Ndi mbuzi?"

"Ndi udzu wa nkhuku. Dzina lake ndi lomwelo. Ndauona."

Bambo a mapasa anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo sanaoneke odabwa monga iye ankaganizira.

"Madzi akatayika saoleka. Amalume ndawauza kale, akubwera Lamulungu. Ukufuna ndikaime pamaso pawo ndinene kuti mkazi wanga anasokoneza udzu ndi mwamuna? Dera lonse lidzakuseka mpaka kumanda. Mapasa akowa adzatchedwa ana a Lufalufa. Komanso ukudziwa bwanji kuti udzuwo si chophimba m'maso? Iwe ungokhala pa mawu ako."

Amuna ake atatuluka, make mapasa anapita ndi tiyi kuchipinda cha apongozi ake, amene ankakhala m'nyumba yomweyo chifukwa miyendo inali itawakana. Anawapeza akudya dzira lophika, ndipo sanafunikire kufunsa kumene lachokera.

"Mwana uja ndiye amandikumbukira," anatero apongozi, osayang'ana tiyi. "M'mawa uliwonse, ngakhale anthu akumunena. Mwana wanga anadziwa kusankha."

Make mapasa anaika kapu pampando mwamphamvu moti tiyi anatayikira. Iye ndi amene ankawachapira, kuwasambitsa, kuwatayira chikho cha usiku, chikwatiwire pakhomopo. Palibe tsiku anamvapo kuti mwana wawo wamkulu anadziwa kusankha.

Lamulungu masana onse anasonkhana pakhonde. Amalume a amuna ake, dalaivala wopuma ntchito wokonda kuseka, anakhala pampando wa ndalema. Apongozi anawatulutsa n'kuwakhazika pamkeka. Wamasiye anabwera atavala mpango wakuda, n'kukhala pansi pafupi ndi apongozi.

"Mwana wanga," anayamba amalume, "ife sitikukaniza kukwatiwa. Ndiwe wamng'ono, magazi akuyenda. Koma kulowetsa mwamuna mobisa m'nyumba ya malemu, pa puloti ya eni ake, amayi ake ali pompano, kumeneko ndi kutinyoza. Mapanga awiri avumbwitsa. Ngati wapeza banja, unene, tikumasule."

"Mwamuna wake uti, amalume?"

"Usatichedwetse, mlamu," anatero bambo a mapasa. "Dzina tikulidziwa. A Lufalufa."

Wamasiye anayamba kuseka. Anaseka mpaka anagwira pamimba, mpaka kusekako kunasanduka misozi. Anadzuka osapempha, n'kupita kunyumba kwake, ndipo anabwerera akukoka mtolo uja ndi zingwe zake, fumbi lili koboo. Anaugwetsa pamapazi pa amalume.

"Ndi awa amuna anga. Apatseni moni."

Amalume anatola pang'ono, n'kununkhiza, n'kufikisa m'manja. Mapewa awo anayamba kugwedezeka.

"Koma abale! Uwu ndinkanyamula pa lole kupita nawo kumafamu a ng'ombe! Alufalufa! Mwandikwezera basi chifukwa cha udzu? Kandimverere anakanena za m'maluwa!" Anapukuta misozi ndi chipewa. "Mkamwini wake ndi wofatsa bwanji, sanayankhe n'komwe moni."

Apongozi nawo anaseka, n'kuika dzanja paphewa la wamasiye. "Ndinanena ine. Mwana wanga uyu alibe zimenezo."

Nkhani ikanathera pomwepo. Make mapasa anaganiza kuti wapulumuka. Koma amuna ake sanaseke.

"Udzu tauona, amalume. Koma anthu aona njinga yamoto, aona munthu wa jekete akutuluka m'mawa. Onsewo ndi amisala? Munthu wochenjera akhoza kutcha udzu dzina la chibwenzi chake kuti akagwidwa apeze pothawira. Ndipo mkazi wanga sanangomva dzina lokha. Anamvanso munthu m'nyumbamo. Si choncho, make mapasa? Nena zimene unamva."

Onse anatembenukira kwa iye. Wamasiye anatembenuka pomaliza, pang'onopang'ono, ngati khosi likuwawa.

"Akulu? Ndinu?"

Make mapasa anayang'ana pansi.

"Akulu, inu alufalufa munawaona ndi maso anu. Munaima pakhomo panga, ndinakutsegulirani chitseko. Ndinakupatsani m'thumba. Ndinakufunsani kuti ndalakwa chiyani, munati za anthu simumva. Auzeni amalume. Ingowauzani zimene munaona, basi, ine sindisunga mangawa."

Kumakola nkhuku ina inatetera. Make mapasa anaona zonse zimene zikubwera akavomera: mkazi wa telala akufotokozera anthu pampopi, ana akukuwa dzina lija iye akamadutsa, mayi wa makeke akudutsanso ndi moni wokha. Anakweza maso, ndipo chimene anaona ndi dzanja la apongozi, lokwinyika, likusisita phewa la wamasiye ngati la mwana wobereka okha.

"Udzu ndinauonadi," anatero. Mawu anatuluka osanjenjemera, moti iye mwini anadabwa. "Koma tsiku lina ndikudutsa pazenera ndinamva chifuwa cha mwamuna. Udzu sutsokomola."

Kuseka kwa amalume kunazima. Anayang'ana make mapasa, anayang'ana mphwawo, n'kuyang'ana mtolo uja. Anali munthu woti wayenda, ndipo mwina anaona zimene zinalipo. Koma basi yobwerera inkanyamuka dzuwa lisanalowe, ndipo amene anawatumizira yokwerera anali bambo a mapasa.

"Nkhani yavuta," anatero. "Mawu a uyu, mawu a uyu. Ine sindinalipo. Koma pakhomo pakalowa chikayiko anthu sakhalanso bwino. Mwana wanga, bwanji ukapume kaye kwanu, mpaka mphepoyi idutse? Nyumba siithawa."

"Nyumba anamanga ndi amuna anga," anatero wamasiye. "Njerwa ndinkasenza ndine, ndili ndi pakati."

"Pa malo a bambo anga," anatero bambo a mapasa.

Wamasiye anayang'ana apongozi. Iwo anali atachotsa dzanja lija, akulira mwakachetechete, koma sanamuikire kumbuyo. Ankadya ndi kugona m'nyumba ya mwana wawo wamkuluyo.

"Chabwino," anatero wamasiye. Anadzuka n'kusasa fumbi pansalu. "Ndamva."

Anasamuka mkati mwa sabata yomweyo pa kagalimoto ka hayala. Bedi, mipando iwiri, mapoto, ndi nkhuku zili m'mabokosi obooledwa. Kamtsikana kanakhala pamwamba pa matiresi, kakuyang'ana kumbali. Make mapasa anaima pazenera, koma wamasiye anabwera n'kugogoda pagalasi, ndipo sakanachitira mwina koma kutsegula.

"Apongozi amakonda dzira lofewa, losapsetsa," anatero wamasiye. "Lolimba limawatsamwa. Musaiwale." Anaima pang'ono ngati pali china, koma anangoti, "Tsalani, akulu," n'kukakwera.

Madzulo ake pabwalo panali bata. Khola limodzi linali pululu, chitseko chili chotsegula. Make mapasa anadziuza kuti tsopano apuma. Anaganiza zochotsa waya wa pakati kuti makola awiriwo akhale limodzi lalikulu, agule anapiye ena, mwinanso Loweruka akwere yekha kumtunda kuja ndi wilibala.

M'mawa mwake akuthira madeya anamva hutala pageti. Minibasi yoyera inalowa chobwerera m'mbuyo, amuna ake akuikodola ndi manja. Munatsika bambo wonenepa wansangala, makiyi akulira m'chiuno.

"Awa ndi a lendi athu atsopano," anatero bambo a mapasa. "Alowa m'nyumba ya kumbuyo."

"Mwadzuka bwanji, mayi?" anatero bamboyo. Anayenda mpaka kumpanda n'kumenya khola ndi chikhato. "Ndiye monga tinapanganira, bwana, makola awiri onsewa achoke. Minibasi izigona apa, ina ija apo. Nkhuku ndi galimoto sizigwirizana, zimakwera pamwamba n'kuipitsa penti."

"Onse awiri?" anatero make mapasa. "Ili ndi langa."

"Aa, sanakuuzeni? Tinamvana kalekale."

"Liti?"

"Nthawi yozizira ija, mayi, chilimwe chisanayambe. Bwana anati ndingopirira pang'ono, muli munthu koma atuluka. Ndinayamba kutaya mtima, ndisaname. Koma bwana ndi munthu wa mawu ake."

Nthawi yozizira. Nkhuku zake zisanayambe kuthothoka, iye asanaime kuseri kwa chinsalu chija. Make mapasa anayang'ana amuna ake. Iwo anali atagwada kale, akutsegula chikwama cha zipangizo.

"Bambo a mapasa, nanga nkhuku zanga zipita kuti?"

"Ugulitse. Zina tidya." Anatulutsa hamala, n'kukola msomali woyamba wa khola lake. "Usangoima ngati mlendo. Gwira waya uku, angandikwapule kumaso."

Make mapasa anaika pansi mbale ya madeya. Nkhuku zinathamangira kudya, osadziwa kanthu. Anagwira wayayo ndi manja awiri, ndipo msomali unatuluka m'thabwa ukulira.